Penshoni ya amisiri a zamagetsi: 10 peresenti ya bwana imawerengedwa pa ndalama ziti?

Anthu akamva za Chikwawa ndi Nsanje amaganiza za nzimbe, thonje, ng'ombe za ku Ngabu ndi madzi osefukira. Ndi ochepa amene amakumbukira kuti chigwachi chimapanga magetsi ambiri, ndipo chimadyanso ambiri. Ku Kapichira, pomwe Shire amatsika komaliza kuchoka kumapiri, kuli makina a EGENCO opanga mamegawati pafupifupi 130. Ku Nchalo kuli fakitale ya shuga ya Illovo ndi minda yothirira imene mapampu ake sapuma. Kuli fakitale ya PressCane, kuli nthambo za ESCOM zotsikira ku Bangula mpaka ku Nsanje, kulinso mapolo amene pulogalamu ya MAREP yakhala ikudzala m'misika ya kumidzi. Chilichonse mwa izi chili ndi munthu wochisamala, wokwera polo dzuwa la mu Okutobala lili pamutu, wodzutsidwa pakati pa usiku mota ikapsa.

Amisiri amenewa si gulu limodzi. Wina ndi wolembedwa mokhazikika, ali ndi nambala ya ntchito, ali m'yuniyoni, mwezi ukatha amalandira pesilipi. Mnzake amavala ovolosi yofanana, amagwira nthambo yomweyo, koma anabwera ndi kontrakitala, ndipo kontrakitalayo akalongedza zida nayenso ntchito yathera pomwepo. Pa tsiku la malipiro kusiyana kwawo sikuoneka kwenikweni, mwinanso wa kontrakitala ndiye amatenga zambiri m'manja. Kumadzaoneka munthu akafika zaka 55 kapena 60, maondo akayamba kukana makwerero.

Zimene lamulo linaika kale

Kale penshoni m'makampani inali chifundo cha bwana. Amene wafuna ankakhazikitsa thumba, amene sanafune ankangopereka kandalama kotsanzikana. Izi zinasintha ndi lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito pa 1 June 2011, lomwe pambuyo pake linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano la 2023. Mutu wake sunasinthe: wolemba ntchito amaika m'thumba la penshoni ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro a wantchito, ndipo wantchitoyo amadulidwa zosachepera 5 peresenti. Ndalamazi zimayenera kufika kwa osunga thumba pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Pamwamba pa izi bwana ayenera kumulipirira wantchito inshuwalansi ya moyo, yoti akamwalira ali pa ntchito a m'banja lake alandire ndalama zosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Woyang'anira zonsezi ndi Gavanala wa Reserve Bank, pa udindo wake wina uja woyang'anira mabungwe osunga ndalama za anthu. Ndalamazo sizikhala ku kampani. Zimapita kwa osunga penshoni monga Old Mutual, NICO kapena NBM Pensions, kapena ku thumba la kampaniyo lomwe lili ndi matrasti akeake, anthu oikidwa kuti aziliyang'anira.

Mawu ofunika pa lamuloli ndi akuti "zosachepera". Lamulo linangoika pansi poyambira. Kukwera kuchoka pamenepo ndi nkhani ya kukambirana, ndipo apa ndi pamene yuniyoni imalowera.

Lamulo la ubale wa pantchito la 1996 limati ngati anthu 20 pa 100 alionse pa kampani ali m'yuniyoni, bwana sangakane kukhala nawo pansi. Zimene agwirizana zimalembedwa, zimasainidwa, ndipo zimamanga mbali zonse ziwiri ngati kuti zinalembedwa m'kontrakiti ya munthu aliyense payekha. Kuno kuchigwa mayuniyoni odziwika pa ntchito zotere ndi ya ogwira ntchito ku ESCOM ndi SPAWUM ya m'minda ndi m'mafakitale a shuga, ndipo pamwamba pa mayuniyoni ambiri m'dziko muno pali MCTU. Mmisiri wa zamagetsi wa ku fakitale ya shuga ndiye kuti amakambirana limodzi ndi oyendetsa mathirakitala, othirira ndi odula nzimbe. Mavuto ake akhoza kumira m'mavuto a anthu ambiri ngati iye sayankhula.

Pamene pagona nkhani

Pa msonkhano wa yuniyoni nkhani ya penshoni ikabwera, manja amaombedwa munthu akanena kuti bwana akweze kuchoka pa 10 kufika pa 12 kapena 15 peresenti. N'zomveka, nambala yaikulu imakoma kuimva. Koma funso limene limasiyidwa ndi lakuti: peresentiyo ikuwerengedwa pa ndalama ziti?

Lamulo limanena za malipiro otsimikizika, amene munthu amalandira mwezi ndi mwezi mosayang'ana kuti kwachitika chiyani. Kwa kalaliki wa mu ofesi, amenewa ndi pafupifupi malipiro ake onse. Kwa mmisiri wa zamagetsi si choncho. Pesilipi yake imatupa ndi ovataimu, alawansi yokhala tcheru kudikira kuitanidwa usiku, ya mashifiti, ya kukagona kutchire nthambo zikaduka. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022, ndiponso Freddy atagwetsa mapolo mu March 2023, anthu a ntchito imeneyi ankagwira maola osawerengeka. Ndalama za maola otere zimathandiza kunyumba mwezi umenewo, koma ngati mgwirizano sunanene kanthu, thumba la penshoni silizionako.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Mmisiri ali ndi malipiro enieni a K400,000 pamwezi, ndipo mwezi uliwonse amalandiranso K100,000 ya kudikira kuitanidwa. Penshoni ikawerengedwa pa K400,000 yokha, bwana amaika K40,000, iye amadulidwa K20,000, zonse pamodzi K60,000. Yuniyoni ikalimbana mpaka bwana avomere 12 peresenti, gawo la bwana limafika K48,000. Koma yuniyoni yomweyo ikasiya 10 peresenti pomwe ili, n'kupambana pa mfundo yoti alawansi ija iziwerengedwa ngati malipiro otsimikizika, bwana aziika K50,000. Ndiye kuti mawu ochepa osintha tanthauzo la malipiro aposa kukweza kwa maperesenti awiri athunthu, komwe kukanalengezedwa ndi nthungululu.

Pali mtengo wake, ndipo atsogoleri a yuniyoni amaudziwa. Malipiro owerengerapo akakwera, 5 peresenti ya wantchito nayo imakwera, kuchoka pa K20,000 kufika pa K25,000. Munthu amene ali ndi ngongole ku banki nkhonde ndi fizi ya mwana ku sekondale saona K75,000 imene ikulowa m'thumba; amaona K5,000 imene yasowa pa pesilipi. Mtsogoleri amene wasaina zotere amakavutika kuzifotokoza pa chisankho chotsatira. N'chifukwa chake zokambirana zambiri zimathera pa kukweza malipiro, penshoni n'kusiyidwa pa mlingo wa lamulo. Kuwonjezera apo, kusintha kwa lamulo kwa mu 2021 kunalola olemba ntchito kudula malipiro a anthu amene anyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pachaka. Mphamvu zokakamiza zikachepa chonchi, anthu amazigwiritsa ntchito pa ndalama ya lero.

Ine ndimaona kuti kuganiza kotere kuli ndi cholakwika chimodzi chachikulu: kutenga 10 peresenti ya bwana ngati mphatso. Kampani ikamapanga bajeti imawerengera pamodzi zonse zimene wantchito amaidyera, malipiro, penshoni, inshuwalansi, chipatala. Gawo la bwana ndi malipiro a wantchito yemweyo, kungoti amalandira mochedwa. Ikangolowa m'thumba ndalamayo ndi yake, ndipo akasintha ntchito imamutsata. Zikatero ndiye kuti bwana amene wavomera mosavuta kukweza penshoni akhoza kubwezera pochepetsa zokweza pa malipiro, choncho okambirana ayenera kuyang'ana zonse pamodzi, osati mzere umodzi.

Palinso timabowo ting'onoting'ono tomwe ndalama imadonthera. Osunga thumba amalipiritsa ntchito yawo. Inshuwalansi ya moyo nayo ili ndi mtengo. Mgwirizano wabwino umanena poyera kuti zolipira zimenezi akusenza ndani, kuti zisapezeke zikudulidwa pa ndalama yomwe wantchito amaganiza kuti yonse ikusungidwa.

Amene mgwirizano suwafikira

Tsopano tibwerere kwa mmisiri wachiwiri uja. Ntchito zambiri za magetsi kuchigwa kuno zimayenda ndi nyengo kapena ndi pulojekiti. Fakitale ya shuga imagaya m'chilimwe, ndipo ikaima nthawi ya mvula ndi pamene makina amamasulidwa, mamota n'kukonzedwa, anthu owonjezera n'kufunika kwa miyezi yochepa. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikuchokera ku Kapichira, masukulu, zipatala, nyumba zomangidwanso madzi atadutsa, zonsezi zimafuna amisiri, koma zimawafuna kudzera mwa makontrakitala. Munthu amagwira miyezi isanu kwa uyu, itatu kwa uyo, n'kukhala iwiri akukonza mafani ndi mafiriji pa Dyeratu. Akhoza kukhala ndi satifiketi ya TEVETA ndi chilolezo cha MERA, waluso kuposa wolembedwa mokhazikika, koma pa zaka khumi zotere m'thumba mulibe kanthu.

Lamulo litayamba mu 2011, boma linapatula magulu ena, mwa iwo ogwira ntchito za panyengo ndi a m'nyumba, ndipo opatulidwawo ankayenera kulandira gilatuwite, ndalama yotsanzikana ya 5 peresenti ya malipiro awo, ntchito ikatha. Taonani kusiyana kwake: 5 peresenti yolandira m'manja, yothera pa chimanga cha mwezi umodzi, poyerekeza ndi 15 peresenti yosungidwa n'kumabereka. Mpata woterewu umakopa wolemba ntchito aliyense wofuna kuchepetsa zolipira kuti azitchula ntchito yokhalitsa kuti ndi ya kanthawi, n'kumangosainitsa kontrakiti yatsopano miyezi ingapo ikatha.

Maiko ena vutoli anakumana nalo kale, chifukwa kulikonse mmisiri wa zamagetsi wa pa zomangamanga amayendayenda. Ku America, yuniyoni ya amisiri a zamagetsi ya IBEW ndi bungwe la makontrakitala a zamagetsi la NECA anagwirizana mu 1946 kukhazikitsa thumba limodzi lotchedwa National Electrical Benefit Fund. Kontrakitala aliyense amene wasaina mgwirizano ndi yuniyoni amaika 3 peresenti ya malipiro onse a amisiri ake m'thumbalo, ndipo wantchito sadulidwa kanthu. M'madera ambiri migwirizano ya kumaloko imawonjezera ndalama ina pa ola lililonse limene munthu wagwira. Atatu pa 100 akuoneka ochepa poyerekeza ndi 10 wathu, koma onani zinthu ziwiri. Choyamba, amawerengera pa malipiro onse, osati gawo lake. Chachiwiri, thumba si la kampani imodzi. Munthu akagwira kwa makontrakitala khumi, zaka zake zimawerengedwa pamodzi. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amagwira ntchito zomwezi, kuli khonsolo yokambirana ya makampani ndi mayuniyoni a zamagetsi, yomwe ili ndi mathumba a penshoni, ndipo nduna ikhoza kulamula kuti mgwirizano wake umange ngakhale makampani amene sanakhale nawo pa zokambirana.

Lamulo lathu la 1996 limalolanso makhonsolo otere okambirana za gawo lonse la ntchito, osati kampani imodzi yokha. Ndipo penshoni yathu imasamutsika kale kuchoka ku thumba lina kupita ku lina, ndiye kuti maziko alipo. Chosowa ndi mgwirizano womanga makontrakitala onse pamodzi. Popanda umenewo, kontrakitala amene amalipira penshoni mokhulupirika amagonja pa tenda kwa mnzake amene salipira, chifukwa mtengo wake umakwera. Chinthu chimene yuniyoni ya pa kampani yaikulu ingachite lero lomwe, osadikira boma, ndi kulembetsa mu mgwirizano wake kuti kampaniyo isapereke ntchito kwa kontrakitala amene saonetsa umboni woti amisiri ake ali pa penshoni. Ena anganene kuti yuniyoni ikudzivutira chiyani ndi anthu osalipira ndalama ya umembala. Yankho ndi loti pamene munthu wa kontrakitala akutsika mtengo chonchi, ntchito za okhazikika ndi zimene zimapita kwa iye pang'onopang'ono.

Kudulidwa si kufika

Pesilipi ikalemba kuti K20,000 yadulidwa ya penshoni, sizitanthauza kuti ndalamayo yafika m'thumba. Reserve Bank yakhala ikudandaula chaka ndi chaka za mabiliyoni amene olemba ntchito sanatumize, ndipo vutoli silili m'makampani ang'onoang'ono okha. Kampani ikapanikizika, penshoni ndi ngongole yosavuta kuichedwetsa chifukwa mwini wake sabwera kudzagogoda. Wogulitsa dizilo amabwera, MRA imabwera, koma wantchito wa zaka 32 saganiza n'komwe zofunsa.

Pa chitsanzo chathu chija, zaka zitatu zosatumiza ndi K2,160,000, osawerengera phindu limene ndalamayo ikanabereka. Phindulo ndi limene limapweteka kwambiri. Mathumba ambiri masiku ano salonjeza kuti munthu adzalandira zakutizakuti akapuma. Amangomusungira zimene zaikidwa ndi zimene zabereka, basi. Ndalama imene yalowa munthu ali ndi zaka 30 ili ndi zaka 25 kapena 30 zoti ibereke, pamene yolowa ali ndi zaka 55 imangofika n'kutuluka. Bwana akadzabweza zimene sanatumize patapita zaka zisanu, popanda chiwongoladzanja, wantchito waberedwabe, makamaka m'dziko limene kwacha inatsika ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023.

Kutsika kwa kwachaku kukuonetsanso amene akusenza chiopsezo. M'mathumba akale olonjeza gawo la malipiro omaliza, zinthu zikavuta kampani ndiyo inkawonjezera. M'mathumba a masiku ano zikavuta ndi wantchito amene amalandira zochepa. Ndalama zake zimabwerekedwa ndi boma, zimagula masheya pa msika wa ku Blantyre, zimamanga nyumba za maofesi. Illovo yomwe ili pa msika umenewo, moti si zachilendo kuti mmisiri wa ku Nchalo akhale ndi kachigawo ka kampaniyo kudzera m'thumba lake iye osadziwa. Amene amasankha kokaika ndalamazi ndi matrasti, ndipo m'thumba la kampani mamembala amakhala ndi owaimira pakati pawo. Mpando umenewu nthawi zina umaperekedwa kwa munthu chifukwa amayankhula mokweza pa misonkhano. Umafunika munthu wodziwa kuwerenga sitetimenti, wotha kufunsa kuti phindu la chaka chino lapitirira kukwera mtengo kwa zinthu kapena ayi.

Munthu akachoka, kapena akamwalira

Lamulo la 2011 linkati munthu amene ntchito yatha adikire miyezi isanu ndi umodzi asanapeze ina, kenaka atenge gawo lake lokha ndi phindu lake, la bwana n'kukhala mpaka adzapume. Anthu anadandaula kwambiri, makamaka nthawi ya Covid-19 ntchito zikutha. Lamulo la 2023 linafupikitsa kudikirako kufika pa miyezi itatu, linakweza ndalama yotenga kamodzi popuma kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti ya ndalama zake za m'thumba, ndipo linalola munthu kutengako gawo kutatsala zaka zisanu kuti apume. Kwa amene nyumba yake inakokoloka ku Makhanga kapena ku Bereu, zimenezi ndi mpumulo weniweni, ndipo sindingamuweruze. Koma kwa mmisiri wa makontrakiti afupiafupi pali msampha: akamatapa nthawi iliyonse ntchito ikatha, pa ukalamba chidzatsale ndi chimene lamulo linamuletsa kutenga. Ichi ndi chifukwa chinanso chimene gawo la bwana liyenera kukhala lalikulu.

Za imfa sitikonda kuzikamba, koma ntchito ya magetsi siilekerera kulakwitsa kawiri. Malipiro a chaka chimodzi amene lamulo linaika ndi ochepa kwa banja la ana ang'onoang'ono, ndipo yuniyoni ya anthu okwera mapolo ili ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti inshuwalansi ikhale ya zaka ziwiri kapena zitatu. Ndalama imeneyi ndi yosiyana ndi chipukutamisozi cha ovulala kapena kufera pa ntchito, chomwe chili ndi lamulo lake la 2000. Chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake, ndipo amasiye ayenera kufunsa zonse ziwiri.

Ndalama za penshoni sizigawidwa ngati chuma chamasiye wamba. Matrasti amatsata fomu imene mwini wake analemba yotchula oti adzalandire. Kuchigwa kuno nkhani imeneyi ndi yolemera, chifukwa miyambo iwiri imakhala moyandikana: kwa Asena ana amatsata kuchimuna ndipo abale a mwamuna ali ndi mawu, kwa Amang'anja atsibweni ndiwo eni mbumba. Ena ali pa mitala. Mnyamata amene analemba dzina la amayi ake tsiku loyamba ntchito, n'kukwatira, n'kubereka ana anayi osasintha fomu, amasiyira anthu mlandu umene ukanatha ndi cholembera. Yuniyoni imene imakumbutsa mamembala ake chaka chilichonse kuti aonenso fomuyi imathandiza mabanja kuposa mmene ambiri amaganizira.

Zikavuta pali kodandaula. Maofesi a leba alipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nkhani za kusatumiza ndalama zimapita ku Reserve Bank, ndipo mikangano ya mgwirizano imakathera ku khoti la Industrial Relations ku Blantyre. Kwa munthu wa ku Tengani umenewo ndi ulendo wa ndalama zambiri, wokwera phiri la Thabwa kangapo mlandu usanathe, ndipo ngati wodandaulidwayo ndi kontrakitala amene anatseka ofesi, chigamulo chikhoza kutuluka popanda womulipiritsa. N'chifukwa chake mfundo zotchinga ziyenera kulowa mu mgwirizano nthawi ya mtendere: kuti yuniyoni izionetsedwa umboni wochokera kwa osunga thumba, osati ku ofesi ya malipiro, miyezi itatu iliyonse, kuti membala aliyense azilandira sitetimenti yake n'kuiyerekeza ndi mapesilipi, kuti bwana akachedwa kutumiza abweze ndi phindu lomwe latayika, ndiponso kuti kampani isamalize kulipira kontrakitala mpaka ataonetsa kuti ndalama za amisiri ake zafika m'thumba.